Apongozi Anga, Mlonda wa Akadziotche

Sabata yatha tinachita mwambo wa chaka cha apongozi anga aamuna. Tinaphika thobwa, anthu anabwera, anaimba, ndipo akuluakulu anaimirira mmodzimmodzi kunena zabwino za malemu: kuti khasu lobwereka ankalibweza atalinola, kuti pa maliro a anzawo ankakhala oyamba kufika kumanda, kuti sanakhalepo pabwalo la milandu. Zonsezo nzoona. Koma palibe amene anatchula ndowa yawo, mwina poopa kuti anthu angaseke pamwambo. Ine mtengwa sindikanaimirira pamaso pa amuna onsewo, ndiye ndati ndilembe m'kaderno muno, kabuku kanga kolembamo, poti zimene anasiya osanenazo ndi zimene ine ndikuzidziwa bwino.

Dzina lawo sindilemba. Sindinalitchulepo ali moyo, ndipo dzanja likukana monga pakamwa pankakanira. Koma mukafika kuno kufupi ndi Lifidzi nkufunsa kuti kwa a Kadziotche nkuti, aliyense akulozerani mpanda wathu. Poyamba linali dzina lachipongwe, paja kadziotche ndi gulugufe wa usiku, wopusa uja wodziponya yekha pamoto wa nyale. Iwo analitola dzinalo ngati chipewa chogwa pamsewu, nkulikuntha fumbi, nkumalivala.

Ndowayo inali yachitsulo, yobooka kunsi, yoti madzi inasiya kalekale kutunga. Anaivundikira ndi chibenthu cha lata chokhala ndi bowo pakati, ndipo pabowopo analowetsapo garafa yodula, kunena botolo, kukamwa kwake kuloza pansi. Pamwamba pake, pa nsungwi, pankalendewera kanyale ka paineli yokoka moto kudzuwa, ndipo kumbuyo kwa nyaleyo ankatambasula thumba loyera lochapa bwino. M'ndowamo ankaikamo makoko ouma a chimanga. Dzuwa likamalowa ankaiika m'kadimba kathu ka kuseri kwa nyumba, kuyatsa nyale, nkukagona. Akadziotche ankabwera okha, kugunda thumba, kutsetsereka pagarafa, nkubisala m'makoko mpaka kucha. Sankapha ngakhale mmodzi popanda chifukwa. Pa thunthu la mtengo wa mapichesi ankapakaponso masese osakaniza ndi nthochi yoola, ati alipo ena amene kuwala alibe nako ntchito koma mowa, monga amuna ena a m'mudzi muno amene sankafuna kuwatchula.

Ntchito yeniyeni inali ya m'mamawa. Kuno kumapiri kukamacha kumazizira, ngakhale m'dzinja, ndipo kuzizirako kumawaumitsa akadziotche. Amangoti phee ngati akufa, moti ukhoza kumunyamula pachala nkumutembenuza. Koma dzuwa likangowakhudza amayamba kunjenjemeretsa mapiko, kenaka uyo wapita. Ndiye apongozi ankati ndowa iyenera kutsegulidwa mbuzi zisanatuluke m'khola, ndipo wofika dzuwa litawala wabwera kudzaona makoko.

Kadziotche aliyense anali ndi dzina lomupatsa iwo. Panali Wagombeza, wonenepa waubweya. Panali Kansomba wa mapiko osongoka, amene ankabwera maluwa akachuluka m'dimba. Panali Nakapuchi, make wa kapuchi woboola mapesi uja, amene makolo athu ankalimbana naye ndi kale. Koma amene ankawadzutsa m'mawa uliwonse anali Kachigamba, make wa mbozi zatsopano zimene zinatulukira zaka zapitazi nkumadya chimanga kumtima kwake, kumene masamba atsopano amatulukira. Ndi wotuwa ngati khungwa, kutalika kwake nyemba ziwiri zolumikiza, ndipo wamphongo ali ndi kachigamba koyera kunsonga kwa phiko. Apongozi ankati Kachigamba akachuluka m'ndowa ndiye kuti mazira ali kale pamasamba, ndipo munthu watsala ndi masiku ochepa okha oti aphwanye mazirawo ndi kuthira phulusa losakaniza ndi mchenga kumtima kwa chimanga, mbozi zikadali ngati ulusi. Zikakula nkulowa mkati, ngakhale mankhwala ogula pa fera, msika wa ku Domwe, zimangowaseka. Mawu awo anali akuti woona mbozi waona mochedwa, wofuna chimanga adziwe nkhope ya make wa mboziyo.

Ndiye panalinso wina wofanana naye kwambiri, wotuwa chimodzimodzi, koma wosalakwa, ana ake amadya udzu wa kudambo basi. Ameneyu anamutcha Msuweni, pomunyoza msuweni wawo wamng'ono a Domingo a kutsidya kwa msewu, ati nayenso amangofika pomwe pali kuwala ndi fungo la masese, osagwira ntchito, osaononganso kanthu.

Ine zonsezi sindinaziphunzire msanga, chifukwa pakati pa ine ndi iwo panali mwambo. Mabanja ambiri kuno anausiya, koma apongozi anga aakazi, a Nangozo, ankausunga ngati mbewu. Mtengwa sakhala pafupi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo maso ndi maso, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira m'udzu nkugwada. Chaka changa choyamba pakhomo pano ndinkawadziwira kutsokomola ndi nsapato zawo zamatayala. Atabadwa Rozinya, mwana wanga woyamba, mpomwe tinapeza njira.

"Iwe Rozinya, uwauze amako kuti nkhuku zalowa m'dimba."

Rozinya apo ali ndi miyezi inayi, akuyamwa chibakera kumsana kwanga.

"Rozinya, uwauze agogo ako kuti ndamva, ndikukazipirikitsa."

"Uwauzenso kuti yofiira ija ndi mbava, imalowera pansi pa mpanda."

Mwanayo anayamba kutumidwa asanamere dzino.

Za agulugufe apongozi anaziyambira ku Malawi, nthawi ya nkhondo, pamene mudzi wonse unathawira mbali ya ku Dedza. Izi ndinamva kwa a Nangozo. Ati kumeneko anapeza ntchito ya ulonda pa nyumba ina yosungiramo katundu, pomwe pankayaka getsi mpaka kucha. Wailesi analibe, mnzawo wocheza naye analibe, ndipo kuwodzera kunali kuchotsedwa ntchito. Ndiye ankangoyang'ana zouluka pakhoma, chaka ndi chaka, mpaka anayamba kuzindikira kuti awa amabwera mvula yoyamba ikagwa, awa chimanga chikafika m'mawondo, ndipo kuti awa akadzaza khoma sipapita masiku ambiri, kamunda kawo kobwereka kamayamba kubooka masamba. Atabwerera kuno nkhondo itatha anapeza nyumba zitapsa, minda itamera mitengo. Anthu anabwera ndi mapoto, ndi njinga, ena ndi malata. A Nangozo ankati amuna awo anabwera ndi mutu wodzaza agulugufe, ndipo pamalire palibe msilikali amene anasuzumira m'mutumo.

Awiriwa ankakangana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nkhani inali masese, amene a Nangozo ankasungira nkhumba.

"Nkhumba yanga ikuonda chifukwa cha alendo anu a usikuwa. Kodi tsiku la Natale, lobadwa Ambuye, tidzadya mapiko?"

"Nkhumba yanuyo idzadya chiyani mbozi zikatha chimanga? Gaga amagwa kumwamba?"

"Anzanu akakalamba amaluka nkhokwe, amasoka mphasa. Inu kumwetsa mowa tizilombo."

"Tizilomboto tikamwa sitiimba nyimbo zotukwana ngati alongo anu."

Zikatero a Nangozo ankalowa ku kuzinya kukaphika akung'ung'udza, koma madzulo chikho cha masese chinkapezeka pakhonde.

Ndi mwana wawo, amuna anga a Zakariya, ankakangana za mankhwala. Amuna anga amanyamula katundu wa anthu pa njinga ku Kalomwe, ndipo kumeneko anaona tigarafa ta mankhwala opopera. Iwo ankafuna kumangopopera sabata iliyonse, mbozi zilipo kaya palibe. Apongozi sankakana mankhwala, koma ankati wopopera osadziwa tsiku ali ngati mlenje woponya mivi m'tchire asanaone nyama: mivi imatha, nyama nkutulukira. Tsiku limene ndinawaona atakwiya zedi, amuna anga anali atapha ndi nsapato gulugufe wamkulu uja wokhala ndi maso ngati a kadzidzi pamapiko, ati ndi malodza. Apongozi anamutola m'manja, nkunena kuti ameneyo ndi make wa mbozi zodyedwa zija zimene amuna anga omwewo amanyambita nazo zala, ndipo kuti malodza enieni ndi munthu wopha ndiwo za chaka chamawa ndi nsapato. Masiku awiri sanalankhule ndi mwana wawo, ngakhale kudzera mwa Rozinya.

Chaka chimene analakwitsa ndicho chinasintha zonse. Kunali mkati mwa kubandira, udzu ukuthamangitsa anthu. M'mawa wina anapeza ndowa yodzaza agulugufe otuwa, ndipo anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti Kachigamba wafika. Anthu anawamvera, paja zaka ziwiri zam'mbuyo mawu awo anali atapulumutsa ambiri. Anasiya makasu, amayi kusefa phulusa, kukatapa mchenga kumtsinje, masiku atatu athunthu. Mbozi sizinabwere. Chimene chinabwera ndi mvula yosalekeza, ndipo udzu unakwirira chimanga cha anthu amene akanakhala atamaliza kubandira. Tekiniku wa zaulimi atadutsa, apongozi anamuonetsa atatu amene anawasunga m'kabokosi ka machesi. Iye anayang'ana nkupukusa mutu. Onse anali a Msuweni.

A Domingo anayamba kuima pampanda m'mawa uliwonse.

"A Kadziotche, mwadzuka? Lero m'ndowamo mwagwa njovu zingati? Tithawe kapena tidikire?"

Apongozi ankangovundikira ndowa yawo nkulowa m'nyumba. Madzulo ena ndinawaona akuuza a Nangozo kuti akaime pa nkhokwe nkutukula zala. Anati ziwiri. Zinali zinayi. Ku ospitale ya ku Ulongwe anawauza kuti si ng'ala yokha, maso enieniwo akutha mkati, ndipo magalasi angowathandiza kuona njira, osati kachigamba ka paphiko.

Aliyense anaganiza kuti ndowa ija yathera pomwepo. A Nangozo anafuna kudzalamo tsabola. Koma madzulo omwewo atabwerako ku Ulongwe, apongozi anakaiika m'dimba nkuyatsa nyale. Anati alakwa ndi maso, agulugufe sanalakwe, ndipo mbozi sizidzasiya kubwera chifukwa choti nkhalamba ina yachita manyazi. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chimodzi: kuti pakhale munthu wodziwa kusiyanitsa Kachigamba ndi Msuweni mdima usanawatsekere, ndiponso kuti anthu adzamukhulupirire munthuyo. Mwana wawo ankachoka tambala woyamba akalira. Ana awo aakazi anakwatiwa ku Domwe. A Nangozo anati awo maso ndi osankhira nyemba. Wotsala pakhomo m'mawa uliwonse anali mmodzi yekha, amene mwambo sunkawalola kukhala naye pafupi.

Amuna anga anali atandibweretsera telefoni yakale kuchokera ku Kalomwe, yosweka pangodya, yoti ndizijambula mwana. Tsiku lina kadziotche anatera pa nsalu ya Rozinya, ine nkujambula, nkukuza chithunzicho ndi zala ziwiri kuti a Nangozo aone. Iwo anatenga telefoniyo nkupita nayo kwa amuna awo, mwina kuti akawaseke nayo. Apongozi anaiyandikitsa pamphuno, nkukhala nayo nthawi yaitali. Gulugufe wa ngati nyemba anali wamkulu ngati chikhatho, mizere yake yonse ili poyera. M'mawa mwake ndinamva mawu kuchokera kudimba.

"Rozinya, kafunse amako ngati kagalasi kawo kangabwereke munthu maso."

Tinapangana motere, osayang'anana. Pakati pa khonde ndi dimba pali mphero yakale. Iwo ankatulutsa agulugufe m'makoko nkuwayala pa mbale yoyera, kuika mbaleyo pamphero, nkubwerera ku mtengo wa mapichesi atafulatira. Ine ndinkabwera, kugwada, kujambula mmodzimmodzi, kusiya telefoni pomwepo chithunzi chili chokuza, nkubwerera pakhonde. Iwo nkubwera kudzaona. Kupita ndi kubwera, ngati nkhuku ziwiri zoopana pa lichero limodzi.

Anali mphunzitsi wovuta.

"Rozinya, amako ajambula mbale yokongola kwabasi. Nanga gulugufe ali kuti?"

"Uwauze agogo kuti dzanja likunjenjemera ndi kuzizira."

"Atsamiritse chigongono pamphero. Ndipo mthunzi wa mutu wawo auchotse, ine sindinapemphe kuona duku."

Anandiphunzitsa kuika njere ya chimanga pambali pa gulugufe aliyense kuti kukula kwake kudziwike, kujambula kuchokera pamwamba ndi cham'mbali, ndi kutukula phiko lapamwamba ndi kaudzu kuti lapansi lioneke. La Kachigamba ndi loyera ngati ufa woyera, lokhala ndi mzere wakuda m'mphepete, pamene la Msuweni ndi lotuwa ngati mgaiwa. Akaona chithunzi sankanena dzina, ankayamba afunsa Rozinya kuti amake akuti ameneyu ndani. Ndikalakwa ankangotsokomola, ine nkubwerera kukayang'ananso. Kunena zoona, miyezi yoyamba ndinkangochitira ulemu, mtima uli ku madzi osatunga ndi matewera osachapa. Koma chinthu ukamachiyang'ana m'mawa uliwonse chimayamba kukhala ndi nkhope. Dzinja limenelo linatha, chilimwe chinadutsa, ndipo kutsokomola kuja kunayamba kuchepa.

Tsiku limene ndikufuna anthu alidziwe linafika dzinja lotsatira, chimanga chili m'mawondo. Kunagwa mvumbi masiku anayi, paineli osaona dzuwa. Kamoto kochepa kamene kanatsala apongozi anakasungira nyale ya ndowa, ndipo telefoni yanga inazima. Tsiku lachinayi mvula inaleka madzulo, kunja nkufunda ngati m'nyumba. M'mawa ndinamva lata lija likutsegulidwa, kenaka likutsekedwanso mwaphuma.

"Rozinya, kagalasi kali ndi moto?"

"Uwauze agogo kuti kanazima dzana."

M'mawa umenewo sikunazizire. Aliyense amene ankamuika pambale ankangoti phururu, kuuluka. Ndili pakhonde ndinkamva mapiko akugunda chitsulo m'ndowamo, waa, ngati nyemba zopetedwa. Njira inatsala imodzi: iwo agwire gulugufe m'zala, paja ndi iwo okha ankadziwa kugwira osafufuta ufa wa pamapiko umene umapanga chigambacho, ndipo wina ayang'ane pafupi, mutu ndi mutu. Akanalengeza mongoganiza nkulakwanso, palibe akanadzawamveranso. Akanakhala chete nkukhala kuti ndi Kachigamba, mudzi ukanadziwa mbozi zitalowa kale kumtima.

"Rozinya, uwauze amako abwere kuno."

Ndinapita mpaka pamphero nkugwada.

"Kuno ndati."

Sindinasunthe pampheropo. A Nangozo anali ataima pakhomo la kuzinya, chipande chili m'manja, akuona zonse.

"A bambo a Zakariya, mwapenga kodi? Mwana wa eni akeyu mukufuna anthu amunene chiyani?"

"Kunena adzanena ndithu. Musankhe inu, adzanene ali ndi njala kapena atakhuta."

A Nangozo anayang'ana amuna awo, anayang'ana ine, nkuponya chipande pansi. Anazungulira kuseri, ndipo tinamva nkhuku zikulira. Anatulukira atagwira yofiira ija miyendo, nkuiika m'manja mwanga mwamphamvu ngati akundimenya nayo. Mwambo wake ndi womwewo: apongozi akapereka nkhuku kwa mtengwa ndiye kuti amumasula, akhoza kukhala nawo pamodzi ndi kulankhula nawo. Koma zimachitika pakapita zaka, ana atakula, achibale ataitanidwa, mowa utaphikidwa.

"Nayo nkhuku yanu. Mwamasuka. Pitani mukaone tizilombo tawoto tisanathawe, tingamve zambiri pano."

Ndinawapatsanso nkhukuyo kuti andigwirire, nkuyenda chogwada mpaka pomwe anakhala apongozi aamuna. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi chipsera pachibwano, ndipo maso awo anali otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Analowetsa dzanja m'ndowa nkutulutsa mmodzi atamupana pachifuwa ndi zala ziwiri.

"Amake Rozinya," anatero, "kunsonga kwa phiko mukuona chiyani?"

"Pali poyera, bambo."

"Poyera pofufutika, kapena chigamba?"

"Chigamba. Mbali zonse ziwiri."

"Tukulani lapamwamba. Lapansilo ndi ufa uti?"

"Woyera. Mzere wakuda uli m'mphepete."

"Musandikondweretse ayi. Yang'ananinso."

"Ndi Kachigamba, bambo."

Anatulutsa wina, ndi wina, mpaka khumi ndi awiri. Awiri anali a Msuweni, ndipo ndinawauza. Mmodzi sindinamudziwe, ndipo ndinawauzanso. Pamenepo mpomwe anapumira m'mwamba, ati munthu wotha kunena kuti sindikudziwa ndiye woti umukhulupirire akati ndikudziwa.

Anavala chipewa nkutenga ndodo. Khomo loyamba linali la a Domingo, ine ndili pambuyo mwana ali kumsana.

"Iii, njovu zabweranso? Chaka chino phulusa mukatape kwanu, msuweni."

"Maso anga anafa, apo wanena zoona. Awa ndi maso a mtengwa wanga. Tiye kumunda kwako, ukatisekere komweko."

"Mtengwa? Kuyambira liti mukuyenda njira imodzi?"

"Kuyambira lero m'mawa. Nkhuku yaperekedwa kale. Iwe sitinakuitane, umamaliza ndiwo."

Tinapita. Ndinayenda mzere ndi mzere ndikutembenuza masamba, mame akunyowetsa nsalu, osadumpha phesi, chifukwa ndikanapanda kupeza kanthu manyazi akanakhala a anthu awiri. Mzere woyamba panalibe. Wachiwiri panalibe. A Domingo anayamba kuimba mluzu. Pa mzere wachinayi, kunsi kwa tsamba, ndinapeza kachulu ka mazira kokutidwa ndi ubweya wotuwa ngati kathonje kodetsedwa. Ndinathothola tsambalo nkulipereka ndi manja awiri. A Domingo analiyang'ana, mluzu unatha, nkukuwira akazi awo kuti asataye phulusa la pamafuwa.

Si onse anamvera. Ena anati nkhalamba yakhungu ndi mtengwa wosiyira sukulu kilasi yachisanu sangawasiyitsenso khasu. Apongozi anayendabe makomo onse mpaka dzuwa kupendeka, akupunthwa pamizere, osalawa kanthu, ndipo kumene anawatsekera chitseko anabwererako m'mawa mwake. Amene anaphwanya mazira ndi kuthira phulusa sabata imeneyo anakolola, ngakhale masamba anabookabooka. Amuna anga anapopera kamodzi kokha, pa tsiku limene bambo awo anawauza. Munda wathu wa kumunsi tinauchedwera pothandiza ya anthu, ndipo mbali yaikulu inapita. A Nangozo anawakumbutsa zimenezo mpaka kukolola.

Apongozi anakhala moyo zaka zina ziwiri. Chaka chomaliza sankaona ngakhale telefoni, koma ndowa sanaisiye. Ine ndinkatsegula, iwo nkumagwira, ine nkumanena zimene ndikuona, iwo nkumanditsutsa. Nthawi zina ankamudziwa Wagombeza ndi zala zokha ndisanatsegule pakamwa. Anandikakamiza kuphunzira kugwira ndekha, ndipo agulugufe ambiri anauluka opanda ufa pamapiko ndisanadziwe. Zithunzi zabwino anati ndisazifufute ngakhale telefoni idzaze, ndifufute za ukwati wa ku Domwe poti akwatiwo tikuwadziwa kale.

Anamwalira mvula ili mkati, atadwala chifuwa sabata ziwiri. M'mawa wa tsiku lawo lomaliza anafunsa ngati ndowa yatsegulidwa. Inali isanatsegulidwe, poti tonse tinali m'nyumba titawazungulira. Anati nanga tikudikira chiyani, iwo si gulugufe woti athawa dzuwa likatuluka. Ndinapita kukatsegula. Pobwerako ndinapeza a Nangozo atayamba kulira.

Chaka chino ndowa ndikuika ndekha. Amayi a m'mudzi popita kumadzi amatsitsa mitsuko pampanda nkufunsa kuti, "Amake Rozinya, tigwire khasu kapena phulusa?" Ndimawayankha, ndipo amakauza ena kuchitsime. Dzulo ndinati khasu, nditayang'ana katatu, ndipo tsiku lonse mtima unali m'mwamba, poti palibenso wonditsutsa. Lero m'mawa ndadzukanso kusanawale.

Miyezi yawo yomaliza ankakonda kukhala kukhoma la kum'mawa la nyumba yawo, atatsamira, pomwe dzuwa limayambira kufika. Pakhomapo patsala banga lakuda, losalala, pomwe pankagunda mutu wawo, ndipo pansi pali timaenje tiwiri tokumbidwa ndi zidendene. Pokonzekera mwambo wa chaka, a Nangozo anazira khoma lonse ndi dothi lofiira, koma pamenepo analambalala. Palibe amene amakhalapo. Mbuzi zimadutsa, nkhuku zimasamba fumbi chapafupi, ana amasewera cha uko. Ine ndikatenga ndowa ndimapita nayo pamenepo, ndimagwada chakumanzere monga ndinkachitira, ndipo ndimatchula mayina mokweza, mmodzimmodzi. Kumanja kwanga kumakhala khoma, banga lakudalo, ndi dzuwa likutsika pang'onopang'ono kuchokera pa udzu wa denga mpaka pomwe pankakhala mapewa awo.